Gulu la Chitukuko cha kwa Santhe: za matope a m'zimbudzi m'munda wa sukulu

Mlembi: Moni nonse. Aphunzitsi aakulu akuti m'munda wa phala la ana uja chimanga chinafiira masamba chisanafike m'chiuno, kaufiti ali mbwee. Za m'thumba lathu sizikwana feteleza. Ndiye pali bambo wina wa galimoto yopopa zimbudzi ku boma ku Kasungu, akuti atipatsa matope ouma a komwe amakakhuthula, ife tingolipira mafuta. Tikambirane tisanamuyankhe.

aNaphiri, Lilongwe: Aa, amlembi, zoipa za anthu m'munda wa chakudya cha ana? Mwaiwala kolera ya 2022 mpaka 2023 yomwe inatenga anthu oposa 1,700? Ine ndakana.

aBanda, Joni: Mlongo wanga, musathamangire. Dothi la pasukulu paja ndi mchenga wokhawokha, mvula ikagwa m'mawa masana kwauma kale. Feteleza amadyetsa chimanga chaka chimenecho basi, nthaka saibweza. Ndipo mtengo wake chigwereni kwacha mu 2023 mukuudziwa. Anthu a zimbudzi za ecosan, zija zopanga manyowa, akhala akuthira manyowa otere kalekale.

aMbewe, mlangizi wopuma: Ana anga, nonse muli ndi mbali yoona. Matopewa chonde ali nacho, nayitrojeni ndi fosifolasi, ndipo mukathira zaka zingapo dothi limada, mukalifumbata limagwirana, chinyontho chimakhalitsa, nyongolotsi zimabwerera. Kaufitinso amachepa nthaka ikakhuta. Koma kuno kotentha zowolerana zimatha msanga. Mukaleka kuthira, chonde chija chimatsika pang'onopang'ono, pamene zina zomwe zinabwera nacho zimakhala. Apa ndi pamene ndimaopa ine.

Ku Woburn, ku England, akatswiri a malo ofufuza za ulimi a Rothamsted anathira matope a suweji m'munda woyeserera kuyambira 1942 mpaka 1961. Patapita zaka zoposa makumi awiri atasiya, zitsulo monga zinc, copper ndi cadmium zinali zikadali m'dothi lapamwamba, ndipo tizilombo tabwino tokhala m'timatuza ta mizu ya mbewu zamtundu wa nyemba sitinkagwiranso bwino ntchito. Taganizani ife timasinthanitsa chimanga ndi soya ndi mtedza, ndipo tikazula soya n'kuswa katuza ka muzu timafuna tione kufiira mkati. Timeneto tikafooka, kasinthasintha wathu wapita. Fodya ndiye amakoka cadmium kwambiri m'masamba, makamaka pa dothi la asidi ngati lathuli.

aBanda, Joni: Madala, amenewo anali matope a tauni ya mafakitale. Kasungu ili ndi fakitale yanji?

aMbewe, mlangizi wopuma: Mwafunsa bwino, ndipo n'kutheka athu ndi ofatsa. Koma m'dzenje la chimbudzi anthu amaponyamo mabatire a tochi, oyilo wakuda wophera fungo, mankhwala otsala. Galimoto imodzi imapopa kunyumba, kugalaja, kumalo ogona alendo, zonse n'kukhuthula pamodzi. Manyowa a ecosan ndi ena: banja limodzi, phulusa ndi dothi tsiku lililonse, kenako dzenje litsekedwe miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka.

aNangondo, namwino ku Mzuzu: Amalume, ndiwonjezepo. Tizilombo ta kolera timafa matope akauma bwino. Chovuta ndi mazira a njoka zam'mimba, amene amatha zaka ali amoyo m'dothi lachinyontho. M'mundamo amapalira ndi ana a sitandade 6, opanda nsapato, sopo kulibe, kenako akagwira kapu ya phala. Mlangizi akuopa za zaka makumi awiri, ine ndikuopa za Januwale.

aNaphiri, Lilongwe: Mwamvatu.

aBanda, Joni: Ndamva, koma tikakana zonse ana adya chiyani? Ndowe kwathu n'zosowa, ng'ombe zinatha.

aMbewe, mlangizi wopuma: Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ganizo langa nali. Tiyambe tayezetsa dothi lathu ndi matopewo kumalo ofufuza za ulimi ku Chitedze kapena kusukulu ya ulimi ku Bunda, atiuze za asidi ndi zitsulo. Zikakhala bwino, tiwasakanize ndi mapesi ndi phulusa, mulu utenthe, tiziutembenuza, ugone chaka. Tiyambire ku nkhalango ya sukulu, m'mayenje a mitengo, akuluakulu okhaokha atavala majombo. Kudimba la masamba asafikeko n'komwe. Chimanga cha chaka chino tithire manyowa a Mbeya: feteleza pang'ono, gaga, phulusa ndi zitosi za nkhuku, masiku 21 m'thumba, ndipo mapesi tisawotchenso.

Wapampando: Zikomo nonse. Amlembi, muuzeni bambo uja adikire. Agogo aMbewe, tifunsireni mtengo woyezetsa. Komanso a komiti ya sukulu ndi agulupu amve kaye, munda ndi wawo, ife tili kutali.

aNaphiri, Lilongwe: Za nkhalango ndavomera. Za chimanga, ngakhale pepala la ku Chitedze libwere loyera, mudzandifunsenso.

Msungichuma: Amene simunasonkhe ya Ogasiti mutumize pofika Lachisanu, gaga akukwera mtengo.