Thandizeni, kompyuta ya kukiliniki yakana kutsegula mafayilo a odwala

Membala wosatchula dzina: Abale anga, ndili pamoto. Ndimagwira ntchito yolandira odwala pa kakiliniki kena ku Rosettenville ku Joni, timagwiritsa ntchito OpenEMR, pulogalamu yosungira mafayilo a odwala. Lero m'mawa yangokana kutseguka, ikungolemba za database, odwala mzere mpaka panja. Mnyamata amene anatiikira anasamukira ku Cape Town ndipo foni sakuyankha, pajatu adokotala sanamalize kumulipira. Pano akundiyang'ana ine ngati ndawononga ndine, chonsecho malipiro a mwezi watha anandipatsa mochedwa mpaka alandilodi kundigogodera usiku. Mnzanga wa masana amadyera tchipisi pa kiyibodi koma iye sanenedwa. Nditani?

Ankolo a ku Turffontein: NDI MAGETSI AMENEWO! Ndinakuuzani muno nthawi ya load shedding ya 2023 kuti gulani UPS, batire yothandiza kuti kompyuta isazime magetsi akathima, munkandiseka. Magetsi akathima MySQL, pulogalamu yosunga database ija, ili mkati molemba, matebulo amawonongeka. Palibenso china.

Wa IT ku Randburg: Chemwali, ikulemba chiyani kwenikweni? Ikati Access denied, nambala 1045, ndiye kuti dzina kapena pasiwedi yomwe ili mu sites/default/sqlconf.php sikugwirizana ndi ya mu MySQL. Ikati Can't connect, 2002 kapena 2003, MySQL yo sinayake kapena kompyuta yanu siikuifikira. Jambulani tione.

Anesi opuma: Asajambule ayi! Mwaiwala POPIA, lamulo loteteza zinsinsi za anthu lija? Chiyambire 1 Julayi 2021 dziko lino silisewera ndi zinsinsi za odwala, ndiye mukufuna mayina a anthu aonekere pagulu ngati lino?

Wa IT ku Randburg: Mayi, pulogalamu yakana kutseguka, dzina la wodwala lichokera kuti?

Ankolo a ku Turffontein: Iwe wa ku Randburg, manambala akowo sachiritsa munthu. UPS basi. Ine yanga ndinagula ku Fordsburg, mpaka lero.

Bambo a mapasa: Ife ku famase mlamu wanga anachotsa XAMPP, pulogalamu yomwe imabwera ndi MySQL, n'kuikanso yatsopano, zonse zinapita. Bwana anakhala pansi m'sitolo momwemo, manja kumutu. Musalole aliyense kuikanso chilichonse musanakopere foda ya mysql\data pa flash, MySQL itazimitsidwa.

Mtsikana wa ku Yeoville: Wa tchipisiyo ndi amene ali ndi mlandu, mafuta alowa mu database kkkkk

Wa IT ku Randburg: Komanso kodi yakana pa kompyuta zonse kapena yanu yokha? Ngati ndi yanu yokha, mwina rauta yapatsa seva (kompyuta yaikulu yosunga mafayilo) IP ina, kutanthauza adiresi ina pa netiweki.

Ankolo a ku Turffontein: Rauta imasintha IP chifukwa chiyani? MAGETSI! Mwabwerera kwa ine.

Anesi opuma: Ndipo adokotalawo alipire mwana wa eni ake. Thukuta la munthu silidyedwa.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse. Adokotala akuti tizilemba kaye m'kope. Ankolo, UPS yo munagula zingati? Komanso amene akudziwa chipinda chotchipa cha ku Kenilworth andiuze.

Wa IT ku Randburg: Chemwali, ikulemba chiyani?