Mita ya pH ikusinthasintha manambala, ndithire asidi kapena ndidikire?

Wa ku Rosettenville:
Akuluakulu, ndithandizeniko. Ndikulima letesi ndi sipinachi m'mapaipi a madzi, popanda dothi, thanki ndi ya malita 200. Mita yanga ya pH, yoyezera kuchuluka kwa asidi m'madzi, ndi ija yachikasu yooneka ngati cholembera. Ndikaiviika ikuti 6.9, ndikaitulutsa n'kuiviikanso ikuti 6.3, ndipo nambala siikhazikika, imangoyenda. Timasamba ta kunsonga tayamba chikasu koma mitsempha yake ikadali yobiriwira. Ndikamaliza ntchito ndimaisunga m'madzi a batire (distilled water) kuti isade. Vuto ndi madzi a m'thanki kapena mita?

Mayi wa ku Midrand:
Achimwene, asidiyo ikhale kaye pashelefu. Mita imene ikunena ziwiri pa madzi amodzi simungaidalire, ndipo chomwe chaiononga ndi madzi a batirewo. Kansonga kagalasi kaja kamafuna kukhala m'madzi a mchere wa KCl, chifukwa m'kati mwakenso muli mchere womwewo. Madzi a batire alibe mchere uliwonse, ndiye amakoka wa m'katimo pang'onopang'ono, mita n'kuyamba ulesi ndi bodza. Madzi amenewo ndi otsukira basi.

Chitani izi. Dontho limodzi la sopo wotsukira mbale m'kapu ya madzi ofunda pang'ono, pukusani kansongako mofatsa ndi mswachi wofewa kuti ndere ndi zotsalira za feteleza zichoke, tsukuluzani bwino. Kenako kaviikeni mu storage solution, madzi a KCl osungiramo mita, maola 24. Amagulitsa m'mashopu a hydroponics (ulimi wa m'madzi wopanda dothi) ndi pa intaneti. Ngati simunaipeze lero, buffer ya 4 (madzi a pH yodziwika osetera mita) ingagwirizire masiku angapo. Musapukute kagalasiko ndi tishu, ingokhudzitsani kuti dontho lichoke.

Bambo wa ku Roodepoort:
Mayiwa anena zoona. Koma tiuzeni, mumaseta ndi chiyani? Pa paketi kapena pa botolo palembedwa nambala yanji?

Wa ku Rosettenville:
Inabwera ndi timapaketi ta ufa ta 6.86, 4.01 ndi 9.18. Titatha ndinagula botolo la 7.00, ndimasetera lomwelo lokha.

Bambo wa ku Roodepoort:
Ndiye mfundo ina ndi imeneyo. Mita zambiri zachikasuzi zimayembekezera 6.86. Mukaiviika mu 7.00 n'kudina batani, iyo imalemba kuti madziwo ndi 6.86, basi mwayamba kale ndi kuphonya kwa 0.14. Onani kapepala ka m'bokosi kuti yanu imafuna iti. Ngati ndi ija ya kasikuluwu kumbuyo palibe vuto, mumangopotoza mpaka ifike pa nambala ya pa botolo.

Ndipo buffer imodzi siikwana. Ya pakati imangouza mita pamene pali poyambira, ya 4.01 ndi imene imaiphunzitsa kutalika kwa sitepe iliyonse. Mbewu zanu zimakhala pakati pa ziwirizi, ndiye zonse n'zofunika. Ya 9.18 kapena ya 10 isiyeni, ilibe ntchito pa letesi, komanso imaonongeka msanga ikakumana ndi mpweya.

Paketi imodzi ya ufa imasungunulidwa mu 250 ml ya madzi a batire. Muyese ndi chikho cha manambala, osati kungoyerekeza ndi maso. Onetsetsaninso kuti mwagula madzi, osati asidi wa batire, mabotolo ake amaima pamodzi ku garaja. Thirani pang'ono m'kakapu koyera, osaviika mita m'botolo lalikulu. Yambani ndi ya pakati, dikirani nambala ikhazikike, setani. Tsukuluzani, kenako 4.01. Za m'kakapu mutaye, musabwezere m'botolo ngakhale zikuoneka zoyera. Kamodzi pa sabata kwa mita yotchipa, yodula ingathe kupirira mwezi.

Mlimi wa ku Turffontein:
Musaiwale kuti ino ndi June. Manambala a pa paketi ndi a madzi a 25°C. Ija ya 6.86 ikazizira kufika 10°C imakhala pafupi 6.92. Mabuffer agone m'nyumba, mita nayonso, ndipo madzi a m'thanki mutunge m'kapu, muwasiye afundeko musanayese. Kuyesera m'kapu kumathandizanso pena: pampu ikamayenda, magetsi ake amatha kuvinitsa manambala. Magetsi akathima n'kubwerera, lolani pampu izungulitse madzi kwa mphindi 20 kaye, apo ayi mukuyesa za pamwamba zokha. Mabatire ang'onoang'ono aja a LR44 akafooka nawonso amabweretsa misala yomweyi, asintheni, sadula.

Kusunga mita, ena amati madzi a pampopi ali bwino. Usiku umodzi inde, kusiyana n'kuuma.

Mayi wa ku Midrand:
Usiku umodzi wokha, bambo, asapange chizolowezi. Madontho atatu kapena anayi a KCl m'chivundikiro, mita iime choongoka. Timchere toyera tikaundana m'mbali musadabwe, n'tongotsuka.

Achimwene, mukamaliza kuviika ndi kuseta, iyeseni ngati ikadali moyo. Ibwezereni mu buffer ya pakati. Yabwino imakhazikika pasanathe masekondi 30 ndipo siphonya kuposa 0.1. Ikamatenga mphindi ziwiri ikukwawabe, kapena ikukana kulandira 4.01, yatha. Kansonga kameneka kamakhala chaka chimodzi kapena ziwiri ngakhale mukasamale bwanji, ndipo pa zachikasuzi sikasinthika, mumagula yonse. Muzikhalanso ndi kabotolo ka madontho osintha mtundu, kokutsimikizirani mita ikayamba kukayikitsa.

Wa ku Rosettenville:
Zikomo kwambiri, mayi. Nanga chikasu cha masambachi?

Bambo wa ku Roodepoort:
Chikasu cha kunsonga, mitsempha yobiriwira, kawirikawiri ndi ayironi. M'feteleza alimo, koma pH ikadutsa 6.5 mizu imayamba kulephera kumutenga. Madzi a Rand Water, bungwe lopereka madzi kuno ku Gauteng, amatuluka pampopi ali pafupi ndi 8, ndiye nthawi iliyonse mukawonjezera thanki pH imakwera. Mwina 6.9 ija ndi imene ili pafupi ndi zoona. Letesi amafuna 5.5 mpaka 6.5, ine ndingati lozani 5.8 mpaka 6.0.

Sakanizani feteleza kaye, pH muyese pomaliza. Pa malita 200 yambani ndi 5 ml ya pH Down, asidi wotsitsira pH, muithire m'jagi ya madzi, osati madzi pa asidi, kenako m'thanki kutali ndi mizu. Dikirani theka la ola, yesaninso. Musatsitse kuposa 0.5 pa tsiku. Masamba amene achita kale chikasu mwina sabwerera onse, muziyang'ana atsopano otuluka pakatha sabata.