Penti wa m'nyumba ya agogo ku Ntcheu

Achemwali (Joni): Mwadzuka bwanji nonse? Ndaponya zithunzi zitatu za penti wa pabalaza: cream, magnolia ndi ivory. Sankhani msanga, Lachisanu nditumiza ndalama pa Mukuru.

Malume: Iwe, zonsezi si mtundu umodzi? Kapena maso angawa atha?

Azakhali: Inenso achimwene ndayang'anitsitsa, palibe chomwe ndaonapo 😂

Alamu (Lilongwe): Pa foni musadalire, foni iliyonse imaonetsa zake. Cream amapendekera kuchikasu, magnolia ali ndi kufiirira pang'ono, ivory ndiye woyererapo. Tigule tizitini ta lita imodzi, tipake mbali imodzi ya khoma, tidikire ziume. Penti akauma amasintha. Tikaone masana, tikaonenso usiku babu itayaka.

Achemwali (Joni): Ine mtima uli pa ivory. Pabalaza paja zenera ndi limodzi, pamachita mdima.

Azakhali: Ivory ndi fumbi la Okutobala lija? Nanga zidzukulu zikadya mango n'kumagwira khoma, azidzachapa ndani? Cream amabisako litsiro.

Alamu (Lilongwe): Koma cream ndi babu yachikasu ili m'nyumbamo, usiku khoma lizidzaoneka ngati lachita utsi. Tikasankha cream tisinthenso mababu, tiike oyera.

Malume: Mukukangana za mtundu, mwaiwala laimu. Khoma lija linapakidwa laimu kambirimbiri. Osapala kaye, penti wanuyo adzasupuka mvula isanathe. Pomwe tamata simenti paume milungu inayi, kenako undercoat (penti woyamba wapansi), kenako PVA (penti wosungunula ndi madzi) kawiri. M'munsimu gloss wakuda, kuti pozikolopa pasathimbirire.

Achemwali (Joni): Zoona malume. Ndiye ndowa zingati?

Malume: Mmisiri ayeze kaye makoma, tisaganizire. Koma ndowa za malita 20 zigulidwe tsiku limodzi, sitolo imodzi. Zosakaniza masiku osiyana zimasiyana, khoma limatuluka mawangamawanga.

Azakhali: Kodi eni nyumba mwawafunsa?

Alamu (Lilongwe): Iii, ayi ndithu.

Azakhali: Dikirani, ndili nawo pompano.

Azakhali: Akuti zoyerazo n'za kuchipatala. Iwo akufuna wabuluu ngati wa kuchipinda kwawo.

Achemwali (Joni): Mayo ine 😭 Buluu pabalaza?

Malume: Azigonamo ndi iwo. Alamu, pa tizitini paja muonjezerepo ka buluu wotuwirako, Loweruka tikapake tonse tinayi asankhe okha. Aliyense aponye yake pa Mpamba pofika Lachinayi.