Ndayeza zinyalala za pakhomo panga kwa sabata yathunthu

Mayi wa ku Kapata: Abale, pakhomo tilipo anthu 7. Sabata yatha ndinabwereka sikelo yopachika ija ya ogula mtedza, n'kumayeza zinyalala madzulo aliwonse. Ndinaika masaka atatu: la zakukhitchini, la mapulasitiki, la phulusa ndi zosesa. Zonse zinakwana makilo 19, ndipo 12 anali makoko a nthochi, mapesi a chibwabwa ndi mkute. Mapulasitiki anadzaza saka mpaka kukamwa, koma kulemera kilo imodzi yokha! Chikundiwawa n'chakuti otolera anathira zonse pamodzi m'lole. Kusankhaku kuli ndi phindu?

Mlimi wa ku Katete: Mayi, makilo 12 amenewo si zinyalala, ndi manyowa. Kumbani dzenje kuseri, muzithira pang'ono dothi ndi phulusa pamwamba kuti ntchentche zisabwere. Miyezi itatu, repu wanu adzakuthokozani.

Mphunzitsi wa ku Mchini: Mwachita bwino, amayi. Sikelo imanyenga pa pulasitiki: ndi yopepuka, koma ndiyo imatseka ngalande mvula ikagwa, madzi n'kulowa m'nyumba. Muzilembanso kuti masaka adzaza angati. Lamulo la zinyalala la ku Zambia la 2018 linapatsa makhonsolo udindo woyang'anira zinyalala, choncho kabuku kanuko mupite nako kwa khansala wanu.

Mayi wa ku Kapata: Zikomo aphunzitsi. Mabotolo ndapatsa kale mnansi wogulitsa munkhoyo. Nanga matewera a mwana ndiwaike saka liti?