Penti ya galimoto yanga ikufa ndikuona, ndithandizeni nzeru

Abale a pagulu pano, ndabwera ndi nkhawa. Ndili ndi ka Mazda Demio kakuda kamene ndinaitanitsa ku Japan nditasunga ndalama nthawi yaitali. Tsiku limene kanafika kuchokera ku Dar es Salaam kankawala moti munthu umadziona nkhope pachitseko. Lero boneti yangoti mbuu, ndipo dzuwa likawomba pamaoneka timizere tozungulira ngati ukonde wa kangaude. Padenga pali malo awiri aakulu ngati chikhatho, oyera ngati pathiridwa ufa, ndipo m'mphepete mwake mukusupuka.

Ndimakhala ku Area 25, nyumba ya lendi yopanda galaja. Mthunzi ulipo ndi wa mtengo wa mango basi, koma m'menemo ndi mogona mbalame, m'mawa ndimapeza zitosi. Amanditsukira ndi mnyamata wapakhomo Loweruka lililonse: ndowa imodzi, sopo waufa wochapira zovala ndi malaya akale. Mkati mwa sabata amangopukuta fumbi ndi kansalu kouma. Madzi akasiya pampopi timatunga pamjigo.

Kodi polishi angabwezeretse zimenezi? Wina wandiuza za ceramic coating, mankhwala opaka pamwamba pa penti kuti aiteteze, koma mtengo wake wandiopsa. Ndikufuna zoti ndingachite ndekha pakhomo. Ndine mayi, za magalimoto sindidziwa zambiri, chonde fotokozani mofatsa.

Mmisiri wopenta magalimoto, Biwi: Mayi, matenda muli nawowo ndi awiri, musawaphatikize. Pamwamba pa penti yakudayo pali ina yoonekera mkati yotchedwa clear coat. Ndi yopyapyala kwambiri, ma micron 40 kapena 50, osafika ndi pepala lomwe. Kuwala konse kwa galimoto kuli pamenepo. Paboneti clear coat ikadalipo, yangokalika ndi kupsa pamwamba, ndiye ingachire. Koma padenga pamene pakusupukapo yafa ndi dzuwa. Palibe polishi kapena wax (phula lopaka poteteza penti) amene angaibweze, ndipo mukapaka polishi mungokulitsa bala. Dengalo likufunika kupala ndi kupopera penti ina. Musachedwe nalo mpaka mvula idzapeze chitsulo chili pamtunda. Mukapentetsa, dikirani masiku osachepera 30 musanapakepo wax kuti penti iume bwino mkati.

Za boneti yesani chonchi: thirani madzi. Ikawala ili yonyowa, timizere n'kusowa, ndiye kuti vuto lili pamwamba chabe. Pamene pali mzere waukulu yendetsanipo chikhadabo. Chikakola, mzerewo ndi wakuya, polishi sauchotsa.

Membala wa ku Blantyre: Achemwali, timizere tozungulirato ndi kansalu koumako. Fumbi la Lilongwe m'mwezi wa October lili ndi timchenga, mukalikhula louma ndi chimodzimodzi kupala ndi sandpaper. Inenso ndinawononga yanga choncho. Mnyamatayo musamukalipire, ingomuphunzitsani. Ayambe wathira madzi ambiri kuti fumbi litsike lokha. Ndowa zikhale ziwiri, ina ya shampoo ya galimoto, ina ya madzi okha otsukuluzira nsalu asanaiviikenso mu sopo. Ayambire padenga kutsika m'munsi, matayala komalizira ndi nsalu yakeyake. Nsalu ikhale ya microfibre, ndipo ikagwa pansi isakhudzenso penti mpaka itachapidwa. Sopo waufa ndi wotsukira mbale musiyiretu, amachotsa wax yense n'kusiya penti pambalambanda.

Madzi a pamjigo ambiri amakhala ndi mchere, akaumira pagalimoto amasiya timawanga toyera. Tsukani m'mamawa kapena dzuwa litapepa, boneti ili yozizira, ndipo muumitse nthawi yomweyo.

Membala wina: Ingogulani chophimbira galimoto, nkhani yatha.

Membala wa ku Blantyre: Chophimbira chimathandiza galimoto ikakhala yotsuka. Mukaphimba ya fumbi, mphepo ikamachikupiza usiku wonse chimakhula penti. Bola akambirane ndi eni nyumba aike shade net pa mapolo anayi, achokenso pansi pa mango paja. Zitosi zimadya clear coat, makamaka zikapsa ndi dzuwa. Osazikanda zouma, ikanipo kansalu konyowa mphindi zingapo zifewe kaye.

Mwini funso: Zikomo kwambiri nonse. Ndatuluka panja pompano kukathira madzi paboneti, ndipo yawala ndithu, mtima wanga watsikako. Chikhadabo chakola malo amodzi okha pafupi ndi nyali. Tsono ndiyambire pati, popeza makina ndilibe?

Mmisiri wopenta magalimoto, Biwi: Ndi manja zimatheka, kungoti muzamva phewa. Mukatsuka n'kuumitsa, sisitani boneti ndi chikhatho. Ikamamveka yokhakhala pakufunika clay bar, yokhala ngati dongo lofewa, mumaiyendetsa pamalo onyowa ndi shampoo, imazula zokakamira. Kenako polishi wofewa pa kasiponji, kachigawo kakang'ono nthawi imodzi, muli pamthunzi. Yambani kuyesa pakona yosaonekera. Rubbing compound, mtundu wa polishi wokhakhala, musaigwire, ndaona anthu akuboola clear coat m'mphepete mwa boneti momwe imakhala yopyapyala. Dziwaninso kuti polishi amadya clear coat pang'ono nthawi iliyonse, si wa mwezi ndi mwezi. Woteteza ndi wax, ndipo dzuwa la kuno mukapitirira miyezi 3 osapaka ndiye kuti watha. Muzaona madzi akasiya kupanga timadontho tozungulira.

Ceramic coating ndi yabwino, imakhala zaka, koma imatsekera chilichonse chimene yapeza, ndi timizere tomwe. Ndalamayo ipite kaye kudenga.

Mwini funso: Ndamva bambo. Loweruka lino ndigula ndowa yachiwiri ndi nsaluzo, titsuke limodzi ndi mnyamatayu kuti aone. Za shade net ndilankhula ndi alandilodi madzulo ano. Funso lomaliza: popenta denga lokha, mtundu wakudawo ungafanane ndi mbali zinazi, kapena lidzaoneka lachigamba?