Thandizeni abale, mchimwene wanga amulembera kalata chifukwa cha zomwe analemba pa Facebook zokhudza refa

Membala wobisa dzina: Admin ndibiseni dzina chonde. Abale anga, mutu wanga waima. Ndili ndi mchimwene wanga wamng'ono amene ndamulera ndekha chimwalirireni mayi athu. Amasewera kutsogolo mu timu ina ya ligi ya m'boma lathu lino, sinditchula dzina. Mwana ameneyu mpira amautha, si kuti ndikumukometsera poti ndi m'bale wanga ayi, ngakhale azimayi ogulitsa nzimbe pabwalo amamudziwa dzina. Nsapato zomwe amasewerera ndinamugulira ine pa kaunjika ndi ndalama ya banki m'khonde, mpaka lero ndikubwezabe. Eni timu gemu bonasi amangolonjeza. Akamapita koyenda amawakweza lole ana a eni ake, kubwerako ali mbuu ndi fumbi, chakudya chake mabanzi ndi sobo basi. Ine sindinayambe ndadandaulapo. Bambo a kunyumba nawo nyimbo yawo ndi imodzimodzi, akuti mwanayu akaphunzire ukalipentala, mpira ndi wa malova. Nkhaniyi akaimva ine ndilowera kuti?

Tsono zinachitika n'zoti panali gemu yofunika kwambiri. Refa anakana chigoli chake choonekeratu ati ofusayidi, kenaka chakumapeto n'kupereka penate kwa enawo. Mwana anafika pakhomo, nsima osaikhudza. Usiku womwewo analemba zinazake pa Facebook zokhudza refayo. Pano kwabwera kalata yochokera ku komiti yosungitsa mwambo ya ligi, muli mawu oletsa kusewera komanso za chindapusa. Chondiwawa n'choti kochi wa timu ina yaikulu anamuuza kuti mwezi wamawa apite akamuyese. Kodi anthuwa ali ndi mphamvu yolanga munthu pa zomwe walemba pa foni yake, bando yake yogula ine? Tipange bwanji? Musanditukwane chonde, BP yakwera kale.

Madala a Liverpool: Mayi, musanjenjemere! Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 35, akuti munthu aliyense ali ndi ufulu wolankhula zakukhosi. Kakomiti ka ligi ya m'boma kangapose malamulo a dziko? Marefa ndi anthu okhawo amene amalakwitsa ntchito poyera, khamu lonse likuona, koma woyankhulayo ndiye amasanduka wolakwa. Zinayamba kale izi. Mu January 2011 refa Howard Webb anapatsa Manchester United penate gemu yawo ndi Liverpool itangoyamba, Giggs n'kumwetsa, kenaka anatulutsa Gerrard ndi khadi yofiira. Tinatuluka mu FA Cup ndi 1-0. Wosewera wathu Ryan Babel anangoika pa Twitter chithunzi cha Webb atavala jezi ya United, basi anamulipitsa mapaundi 10,000. Analakwa chiyani mwana uja? Ananena zomwe dziko lonse linkadziwa!

Nachisale wa Maule: Madala, mayiwa afunsa za m'bale wawo, inu mwayamba maliro a 2011. Komanso chitsanzo chanucho chikukutsutsani nokha. Babel analipira kapena sanalipire?

Madala a Liverpool: Analipira mokakamizidwa! Kulipira si kuvomera kulakwa.

Mlembi wakale wa timu: Achemwali, tisanapite patali, mnyamatayo analemba chiyani kwenikweni? Tiuzeni mawu ake. Ndipo kalatayo ikumuitana kuti akamve mlandu, kapena ikumuuza chigamulo chomwe apereka kale? Zinthu ziwirizi zimayendetsedwa mosiyana.

Jah Man wa pa Depoti: Bando yogula inu ndiye inunso mulowe mu mlandu ngati wothandizira 😂 Akubanani gemu ziwiri osaphika.

Mayi a Mvano: Ana a masiku ano ulemu unawathera. Refa ngakhale alakwitse ndi wamkulu pabwalopo. Inu achemwali m'malo momukhazika pansi mwanayo, mukudzamuikira kumbuyo pagulu. Komanso mawu a amuna anu musawataye, ukalipentala suthyola mwendo. Wanga wachiwiri anathyoka bondo ku mpira womwewu, a timu anabwera kamodzi kokha kuchipatala ndi paketi ya shuga, mpaka lero sitinawaonenso.

Membala wobisa dzina: Mayi, ulemu ali nawo mwanayu, mufunse aliyense kwathu kuno. Ndi mtima chabe unamupweteka. Za ukalipentala tisaziyambe chonde, ndatopa nazo kunyumba.

Mlembi wakale wa timu: Achemwali mwayankha za ulemu, funso langa mwalidumpha.

Refa wopuma: Ine ndaimbira mpira wa m'maboma zaka zambiri, ndilankhuleko. Inu mukaona positi mumaona mawu chabe. Ife timaona zomwe zimatsatira Loweruka linalo. Tsiku lina nditapereka penate pabwalo lina lopanda mpanda, ndinathawira m'munda wa chimanga, njinga yanga n'kutsala komweko, ndinakaipeza mawilo atawapinda. Wapolisi panalibe ngakhale mmodzi. Ndalama yoimbira tsiku limenelo sindinalandire n'komwe. Chinayambitsa n'chiyani? Wosewera wina anali atafalitsa m'magulu a WhatsApp kuti ine ndimadya za matimu. Wosewera akalemba, masapota amatenga ngati chilolezo. Ngakhale kunja komwe mumakutamako, mu 2023 Mourinho, ali kochi wa Roma, anakamulalatira refa Anthony Taylor koimika magalimoto itatha fainolo ya Europa League, m'mawa mwake masapota a Roma anamuzinga refayo pa bwalo la ndege ku Budapest ali ndi banja lake. A bungwe la mpira ku Ulaya la UEFA anamuletsa Mourinho gemu zinayi. Ife tilibe VAR, kanema wothandiza refa uja, nthawi zina wonyamula mbendera amachita kutengedwa pagulu la oonerera. Lamulo 5 la mpira limanena kuti chigamulo cha refa pa zochitika m'bwalo n'chomaliza. Ngati timu ili ndi dandaulo imalemba kalata ku ligi, njira ilipo.

Madala a Liverpool: A refa, za chimanga pepani, koma musatiphimbe m'maso. Kalata zodandaulazo zimathera kuti? Ndani anaonapo refa atabwera poyera n'kunena kuti ndinalakwitsa? Refa Janny Sikazwe wa ku Zambia anathetsa gemu ya Mali ndi Tunisia pa mphindi 85 ku AFCON mu January 2022, ku Limbe ya ku Cameroon osati yathuyi. Atayambiranso anaithetsanso mphindi 90 zisanakwane. Ndiye wosewera wa Tunisia akanalemba pa Facebook mukanati wachita mwano? Nanga penate yathu ija ya Flames ndi Senegal, mpikisano womwewo, refa analoza yekha pamalo a penate, atakaonera pa kanema n'kusintha maganizo. Dziko lonse la Malawi linalemba usiku umenewo. Bwerani mutibane tonse!

Refa wopuma: Sikazwe zinamveka kuti dzuwa linamuzunguza mutu, anapita naye kuchipatala. Ndipo inu ndinu sapota, simunasaine fomu ya ligi iliyonse. Lembani mpaka chala chitupe. Wosewera anasaina.

Madala a Liverpool: Dzuwa linkawomba iye yekha? Osewera 22 aja anali pa mthunzi?

Mphwanga wa ku Leeds: Madala mukusokoneza anthu. Gawo 35 limakutetezani kuti boma lisakutsekeni pakamwa, koma ukalembetsa mu ligi umavomera malamulo a ligiyo, ngati momwe umavomerera malamulo a pantchito. Kuno ku England wosewera kapena kochi akhoza kunena kuti refa walakwitsa, chigoli chinali chabwinobwino, nthawi zambiri sizifika patali. Pomwe FA, bungwe la mpira kuno, imakugwira ndi pamene wanena kuti refa amakondera, wagulidwa, kapena wamutukwana. Nottingham Forest mu April 2024 itagonja 2-0 kwa Everton inalemba pa X kuti munthu wa pa VAR ndi sapota wa Luton, timu yomwe ankalimbirana nayo kuti asatuluke mu ligi. Chindapusa chake mapaundi 750,000. Sanatukwane, anangokayikira chilungamo cha munthuyo. N'chifukwa chake a Mlembi akufunsa mawu enieniwo. Komanso zoti analemba ali kunyumba pa foni yake sizipulumutsa munthu. Serge Aurier wa PSG mu 2015 sanasewere n'komwe gemu ya PSG ndi Chelsea, anali wovulala, koma kanema yemwe anaika pa Facebook akutukwana refa anamudyetsa gemu zitatu za UEFA. Neymar chimodzimodzi mu 2019, anaonerera ali wovulala United ikutulutsa timu yake ya PSG ndi penate ya Rashford, n'kukatukwana a VAR pa Instagram. Anamuletsa gemu zitatu, atachita apilo zinatsika kufika pa ziwiri.

Madala a Liverpool: Mwaona? United yomweyo! Babel United, Neymar United. Ine ndikamanena anthu mumati ndine wamisala.

Nachisale wa Maule: Pa zonse zomwe alemba achimwenewa inu mwatolapo United yokha?

Madala a Liverpool: Iwe Nachisale usandiyambe, inu a Maule ndi anthu omaliza kuyankhula za marefa. Funsa Manoma aliyense akuuza.

Nyerere Mpaka Kale: Apa pokha Madala mwalasa 🙌

Nachisale wa Maule: Mukagonja ndi refa, mukapambana ndi luso. Tinakuzolowerani.

Zamasewero Original: Amene mukufuna nsapato za mpira, ma shin guard ndi majezi a timu yonse ndipezeni ku inbox. Timatumiza m'maboma onse.

Jah Man wa pa Depoti: Aise, mwana akufuna kumubana iwe ukumutsatsa nsapato, akavalira kuti, ku ukalipentala?

Sisi wa ku Area 25: Mungofufuta positiyo n'kunena kuti akaunti anamubera. Mphwanga anapulumuka choncho kuntchito kwawo.

Mlembi wakale wa timu: Zimenezo ayi. Pofika polemba kalata ndiye kuti screenshot ali nayo kale m'faelo. Mukakanama kuti anamubera akaunti, pomwe pansi pake ankayankha makomenti a anzake usiku wonse, mwawonjezera mlandu wachiwiri. Kufufuta afufute ndithu kuti isapitirire kufala, koma ayambe wasunga screenshot yake kuti anthu asamuwonjezerere mawu omwe sanalembe. Babel yemwe akutchulidwayu anafufuta n'kupepesa, chilango sichinalephereke, koma kupepesa msanga makomiti ambiri amakuwerengera pogamula.

Bambo a Prince: Ine langizo langa pitani kukhoti mukatenge chiletso. Anthu amenewa amaopa loya.

Mphwanga wa ku Leeds: Bambo, malamulo a FIFA salola nkhani za mpira kuthamangira nazo kumakhoti wamba, zimayenera kuthera m'makomiti a mpira momwemo. Mukhoza kumutsekera mwanayo zitseko zonse. Ndipo loya wake alipidwa ndi ndalama ya banki m'khonde yomweyo?

Wapolisi mnzanu: Ndingokumbutsako kuti kuli lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act. Anthu anamangidwapo m'dziko muno chifukwa cha zolemba pa Facebook ndi pa WhatsApp. Ngati mnyamatayo anaopseza refayo kapena kumunamizira, refayo payekha akhoza kukadandaula, osadikira za ligi.

Madala a Liverpool: Ndiye mwafika pomuopseza mayi wa BP ndi apolisi? Dziko lino ukanena chilungamo umaitaniridwa Land Cruiser. Mayi, ine ndikuti mwanayo asapepese. Akapepesa wavomera. Apite ku komitiko mutu uli m'mwamba, awauze kuti aonetse kanema wa ofusayidiyo.

Refa wopuma: Kanema wake uti Madala, ku ligi ya m'boma? Wojambula ndi mwana wa pa foni ya mabatani ali pamwamba pa chulu.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse, ndawerenga ngakhale ena mwandilasa. Kochi wake foni sakuyankha, mwini timu akuti iye za pa Facebook sizimukhudza, pomwe mwanayu wamumwetsera zigoli chaka chonse osalandira kanthu. Zomwe analemba si zachilendo ayi, ndi zomwe aliyense ankakuwa pabwalo tsiku limenelo, zija za envelopu. Anaikaponso chithunzi cha refayo koma chinali kale pa Facebook, sanachite kumujambula iye. Kalatayo inakhalitsa kwa kaputeni, ife taiona mochedwa. Akuti akaonekere mawa 9 koloko m'mawa.

Nachisale wa Maule: Mawa?? Mayi inu, tsiku lonse takhala tikukangana za Howard Webb pomwe mlandu ndi wa mawa?

Mlembi wakale wa timu: Envelopu ndi chithunzi, ndiye kuti wamunena munthu kuti analandira ziphuphu, dzina ndi nkhope poyera. Umboni ali nawo? Ngati alibe, usiku uno afufute, alembe kalata yaifupi yopepesa kwa refayo ndi kwa komiti, aisaine. Mawa asapite yekha, pakhale wa komiti ya timu ngakhale mmodzi, mukamugogodere kunyumba ngati foni sakuyankha. Akafika apemphe amuonetse gawo la malamulo a ligi lomwe akuti waphwanya, anene tsiku lomwe kalata inamufika, atchule kuti n'koyamba kulakwa ngati zilidi choncho. Za ofusayidi asakazitchule n'komwe, mlandu si umenewo. Chigamulo chikatuluka apemphe cholembedwa, afunsenso masiku a apilo ndi ndalama yake.

Mayi a Mvano: Ndinanena ine.

Madala a Liverpool: Envelopu ngati inaoneka inaoneka! Mayi, funsani azimayi a nzimbe aja, amaona zonse amenewo. Mutenge awiri mupite nawo ngati mboni.

Refa wopuma: Madala, mawa 9 koloko mudzakhalapo inu, kapena mudzakhala mukuonera ma highlights a 2011?

Membala wobisa dzina: A Mlembi, kalata yopepesayo ikhale ya Chizungu kapena Chichewa? Ndipo akhoza kulemba pamanja? Kuno magetsi azima, kosindikiza atseka.