Mphenzi pa tchalitchi ndi sukulu ya mpingo: ndodo imodzi pansanja ikwanira?

Mlembi_wa_Mpingo:
Moni abale ndi alongo. Tchalitchi chathu ndi cha mamita 24 m'litali ndi 10 m'lifupi, denga la malata a geji 28, chili pamtunda ndipo kumaso kuli nsanja ya belu. Pambali pake pali midadada iwiri ya sukulu ya mpingo. Komiti ya chitukuko yapeza mmisiri amene akuti, potiteteza ku mphenzi, aika ndodo imodzi yachitsulo pansanja, waya umodzi wotsika, kenako akwirira chitsulo pansi ndi mchere ndi makala. Mvula yayandikira. Kodi zimenezi zikwanira? Nanga ana ndi aphunzitsi tiwauze chiyani?

Wamagetsi_Zomba:
A Mlembi, musamulipire kaye. Ndodo imodzi pansanja imateteza nsanjayo ndi kachigawo kozungulira basi. Kuguwa, mamita 24 kuchokera pamenepo, sikufikako, ndiye za midadada ya sukulu musachite kufunsa.

Ndodo ija ndi poyambira chabe. Ntchito yeniyeni ndi kupatsa mphenzi njira yotakasuka, yowongoka, yokafika m'nthaka, kuti isadzipezere yokha njira kudzera m'khoma kapena mwa anthu. Pa nyumba ngati yanuyo ikani ndodo pansanja, ina pansonga ya kutsogolo, ina pansonga ya kumbuyo, iliyonse yoposa mtanda wa denga (mzere wa pamwamba penipeni pamene malata amakumana) ndi theka la mita kapena mita imodzi, ndipo zonse zilumikizane ndi lamba wa kopa woyenda pamtandapo. Lamba wodziwika ndi wa mamilimita 25 m'lifupi, 3 kuchindikala. Ngati ndi waya wozungulira wa kopa, usachepere pa 50 mm². Waya wa 2.5 kapena 4 mm² wa masoketi a m'nyumba umangosungunuka.

Malamba otsikira pansi asachepere pa awiri ngakhale pa kanyumba kakang'ono, ndipo pakhale mmodzi pa mamita 15 mpaka 20 aliwonse a kuzungulira kwa nyumbayo. Tchalitchi chanu kuzungulira ndi mamita 68, choncho anayi, wina pangodya iliyonse. Mumange ndi makilipi pa mita iliyonse. Pamene amisiri ambiri amalakwitsa ndi pakhonde la denga: amapinda lamba mwamphamvu kuti atsate khoma bwinobwino. Mphenzi sikhota pangodya yotere, imalumpha nkung'amba njerwa. Pindani mozungulira pang'onopang'ono. Komanso wotsikira asadutse pafupi ndi chitseko chimene anthu amaima pobisala mvula.

Malata a geji 28 sakufika theka la milimita, ndiye musawadalire kuti agwire ntchito ya lamba, mphenzi imawaboola. Koma alumikizeni ndithu ku lambayo, pamodzi ndi chitsulo cha belu ndi ma truss (zonyamula denga) ngati ndi achitsulo. Chitsulo chachikulu chosiyidwa chokha pafupi ndi lamba chimakoka moto wolumphira m'mbali.

Pansi, wotsikira aliyense akhale ndi ndodo yake ya earth (yokhomedwa m'nthaka), ya mamilimita 16 kunenepa, yolowa mamita osachepera 2.4, pamtunda wa mita imodzi kuchoka pakhoma. Ndodo zinayizo mukazilumikiza ndi lamba wokwiriridwa theka la mita kuzungulira nyumba yonse, mwachita bwino kwambiri. Pomaliza ayeze inu mukuona ndi earth tester, chida choonetsa ngati moto ukulowa m'nthaka mosavuta, ndipo zisapose ma ohm 10 (nambala ikachepa ndiye bwino). Mmisiri wopanda chida chimenechi, komanso wopanda chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, muthokozeni apite.

Che_Fundi:
Ndikugwirizana ndi achimwene a ku Zomba, koma za mchere ndi makala asangozidumpha, chifukwa ndi zimene aliyense amachita. Zimatsitsadi ma ohm tsiku loyezalo. Vuto lake mchere umadya ndodo ndi kilampu, kenako mvula imausungunula nkupita nawo, ndipo pakatha zaka zochepa pansipo patsala dzimbiri, pamwamba zonse zikuoneka bwino. Pamtunda pouma ndi pamiyala, onjezani ndodo zina motalikirana molingana ndi kutalika kwake, kapena thirani dongo losunga chinyezi lotchedwa bentonite m'dzenjemo. Muziyeza chaka ndi chaka mu October nthaka itauma gwa, osati mu February pamene paliponse pamapereka manambala abwino. Siyani polumikizira pomasuka ndi sipanala pa wotsikira aliyense kuti kuyezako kusavute.

China chimene makomiti amaiwala ndi mawaya olowa m'tchalitchi. Mphenzi ikagwa pa laini ya ESCOM kutali, moto umabwera ndi waya mpaka mu amplifaya, ndipo wogwira maikolofoni ya waya ndi woimba kiyibodi ndiwo ali kumapeto kwa njirayo. Ikani surge protector, kachida kopatutsira pansi moto wobwera mopitirira muyezo, m'bokosi lalikulu la magetsi, ina kumbali ya sola ngati muli nayo, ndipo earth ya bokosilo ilumikizane ndi ya mphenzi. Zimkuzamawu zopachika pamtengo panja ndi waya wautali wopita ku sukulu, muzizula kukayamba kugunda.

Mayi_Hedi:
Ine ndiyankhe za ana. Nkhaniyi si yongoopseza: mu December 2013 mphenzi inapha anthu 8 m'tchalitchi cha Seventh Day Adventist ku Lilongwe mapemphero ali mkati, ndipo mu June 2011 ana 18 anafa pa sukulu ya Runyanya ku Uganda. Midadada yanu iwiriyo ikufunika zida zakezake.

Lamulo likhale limodzi losavuta, ndipo woliza belu akhale wodziwika ndi dzina. Kukang'anima werengani masekondi mpaka bingu. Masekondi 3 aliwonse ndi kilomita imodzi. Akachepera 30, belu lilire, a pansi pa mtengo ndi a pabwalo la mpira alowe m'nyumba yotetezedwa, ndipo asatuluke mpaka patadutsa mphindi 30 chimvekere bingu lomaliza. Ana a Sande sukulu ndi a kalasi amene amaphunzirira pansi pa mango ndiwo oyamba kuwalowetsa. Chisakasa ndi khonde si pobisalira. M'kati akhale pamabenchi, mapazi pamodzi, kutali ndi makoma, mawindo achitsulo ndi mpope. Kugona kapena kukhala tambalale pasimenti yonyowa nkoipa chifukwa moto umayenda pansi. Mvula ikakula nthawi yoweruka, asungeni. Makolo auzidwiretu pamsonkhano kuti mwana akachedwa tsiku lotere asadzudzulidwe.

Wina akaombedwa, mugwireni msanga, thupi lake silisunga magetsi. Anthu amaopa, ena nkuyamba zoti mphenziyo ndi yotumidwa, pamene mtima wa munthuyo ukanatha kuyambanso. Yambani ndi amene wangoti zii osapuma, olirawo akupuma. Kanikizani pakati pa chifuwa maulendo 30, mozama masentimita 5 mpaka 6, liwiro la 100 mpaka 120 pa mphindi, muuzireni mpweya kawiri, nkubwereza galimoto ikufunidwa. Ngakhale amene wadzuka nkumati ali bwino apite kuchipatala.

Wamagetsi_Zomba:
Che Fundi anena zoona pa mchere. Ndiwonjeze za akuba, chifukwa kopa amagulitsidwa kwa ogula zitsulo zakale. Mamita atatu a m'munsi muwalowetse m'paipi yochindikala ya PVC yomangidwa zolimba kukhoma, ndipo lambayo mumupake penti ya mtundu wa khoma. Ndalama zikavuta, chitsulo cha galvanised (chokutidwa kuti chisachite dzimbiri) chimagwiranso ntchito ndipo akuba sachifuna kwenikweni. Aluminiyamu ndi wa pamwamba pokha, m'nthaka amadyeka, ndipo pokumana ndi kopa pafunika cholumikizira chake cha zitsulo ziwiri, cha bimetallic. Msungi wa pamalo azizungulira ngodya zonse zinayi sabata iliyonse nthawi ya mvula kuona ngati lamba sanadulidwe.